Tsiku limene Makanja anakanika kulowa mu holo

Chaka china, mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo, ndinapeza ganyu yoika zokuzira mawu pa mwambo wa kampani ina muno mu Lilongwe. Dzina la kampaniyo ndi la holoyo tizisiye, nkhani si imeneyo. Mabwana awo anali atabwera kuchokera kunja, ndiye wina mu ofesi anaganiza kuti alendo asabwerere kwawo osaona chikhalidwe chathu. Anaitanitsa gule kuchokera kumudzi wina wa cha ku Mitundu, n'kumulemba pa pulogalamu pakati pa mawu a bwana wamkulu ndi chakudya chamasana, mphindi 15.

Vuto loyamba linali moto. Anyamata a ng'oma atangotsika mu lole anayamba kutolera makatoni ndi udzu wouma kuseri kwa holo kuti awambe ng'oma zawo. Alonda anathamangira komweko.

"Achimwene, muno simuyatsidwa moto."

"Nanga ng'omazi zilira bwanji, madala? Zazizira m'njiramu."

"Zimenezo kafunseni kwa abwana. Ine andiuza kuti moto ayi."

Anagwirizana zokawambira kunja kwa mpanda, m'mphepete mwa msewu. Koma pofika nazo mkati, mmene munali makina oziziritsa mpweya aja, zikopa zinayambanso kulefuka, ndipo mbalule, ng'oma yotsogolera imene imayenera kulankhula ngati munthu, inkangomveka ngati wina akumenya chidebe chapulasitiki. Ine ndili pa mikisa yanga, makina owongolera mawu, ndinayesa kukweza apa, kutsitsa apo, osathandiza. Ng'oma yozizira ngakhale uiikire maiki khumi imakhalabe yozizira.

Kenako kunatulukira Makanja. Amene munamuonapo mukudziwa kutalika kwake, mutu umapitirira tsindwi la nyumba yaudzu. Anafika pakhomo la holo, khomo labwinobwino lamagalasi, n'kuima. Anayang'ana m'mwamba, anayang'ana pansi pamene panali matailosi oterera ngati therere, anabwerera m'mbuyo masitepe awiri. Mkulu amene anatsogolera gululo anangopukusa mutu n'kunena kuti, "Chilombo sichiwerama pakhomo la munthu." Nkhani inathera pamenepo. Amene akufuna kuona gule atuluke.

Anthu anatulukadi, masuti awo ndi nsapato zazitali, kupita pamalo oimika magalimoto kumene mbali ina kunali dothi. Ndipo chimene ndinaona pamenepo ndi chimene chandilembetsa nkhaniyi. Palibe amene anawauza poima. Palibe anaika mipando. Koma pasanathe mphindi ziwiri anthu aja anali atazungulira, kusiya malo pakati, ang'oma mbali imodzi, amayi oimba mbali ina, kanjira kolowera gule katasiyidwa kokha. Amayi ogwira ntchito yophika anatuluka ku khitchini ndi maepuloni awo n'kuyamba kupolokezera nyimbo. Masipika anga anatsala mkati akuyang'anizana ndi mipando yopanda anthu.

Ndakhala pa ntchito ya zokuzira mawuyi zaka zopitirira khumi. Ndanyamula masipika pamutu, pa kabaza, pa lole ya matani atatu. Maholo a mu Lilongwe ndimawadziwa ngati mmene mzamba amadziwira makomo a m'mudzi: ya sukulu yakuti mawu amabwerera kawiri, ya tchalitchi chakuti soketi yabwino ndi imodzi yokha kuseri kwa guwa, ya hotela yakuti denga ndi lalifupi moti woimba akalumpha amagunda nyale. Ndiye anthu akamandifunsa kuti malo enieni a zisudzo ndi zoimbaimba mu likulu lathu ndi ati, ndimayankha monga aliyense: BICC. Koma ndimayankha ndikukanda m'mutu.

Musandimve molakwa. Bingu wa Mutharika International Convention Centre ndi nyumba yoti munthu ukaiona umawongola khosi. Ili ku City Centre, dera lomwelo la Nyumba ya Malamulo ndi chiliza cha Kamuzu, Capital Hill ili chapafupi. Ndi gawo la malo amene amatchedwa Umodzi Park, pamodzi ndi hotela yayitali ija, nyumba zogona atsogoleri a mayiko, ndi bwalo lapanja la Malawi Square. Holo yake yayikulu imalowa anthu pafupifupi 1,500, mipando yofewa yokwera ngati masitepe, moti wakumbuyo saona chogo cha mnzake koma siteji. Tsiku loyamba kugwiramo ntchito ndinaima pakati, ndinaomba m'manja kamodzi monga timachitira poyesa chipinda, n'kumvetsera. Phokoso lija linazimirira mwaulemu, osandibwerera kumaso. Ndinatsala pang'ono kugwada. Munthu amene wazolowera kulimbana ndi malata ndi makoma a simenti amadziwa kuti chimenechi ndi chuma.

Woimba aliyense wa muno amene akufuna kuti anthu adziwe kuti wakula amakhazikitsa chimbale chake kumeneko. Makwaya, anthabwala, alakatuli, opereka mphoto kwa oimba, onse maso amakhala komweko. Kudzaza BICC kwasanduka muyeso, ngati mmene kale mlimi ankadziwikira ndi nkhokwe. Chithunzi cha holo yodzaza chimazungulira pa Facebook sabata yathunthu.

Koma tikumbukire chimene anaimangira. Kumapeto kwa 2007 boma la Bingu wa Mutharika linasiya ubale ndi Taiwan n'kuyamba ubale ndi China. Zotsatira zake tonse tikuziona ndi maso: Nyumba ya Malamulo imene inatsegulidwa mu 2010, msewu wa Karonga kupita ku Chitipa, yunivesite ya MUST ku Thyolo, bwalo la zamasewero la Bingu ku Area 48 limene linatsegulidwa mu 2017. BICC ndi hotela yake zinamangidwa ndi kampani ya ku China, pa ngongole ya pafupifupi madola 90 miliyoni a ku America. Ankathamangira msonkhano wa atsogoleri a African Union umene unayenera kuchitikira muno mu Julaye 2012. Bingu anamwalira mu Epulo chaka chomwecho, msonkhano usanafike. Boma la Joyce Banda linati silingalandire Omar al-Bashir wa ku Sudan, amene ankafunidwa ndi khoti la milandu la dziko lonse la ICC, a African Union anati ayenera kuitanidwa monga mtsogoleri wina aliyense, mapeto ake msonkhano unasamukira ku Addis Ababa. Nyumba inatsala itavala suti, mkwati osabwera. Pambuyo pake inadzalandira atsogoleri a SADC mu 2013 ndi mu 2021, ndipo mu Juni 2020 Lazarus Chakwera analumbirira pa Malawi Square pomwepo.

Mbiri imeneyi ndi ya nyumba yomangidwira munthu mmodzi woima kutsogolo akulankhula, ena onse atakhala chete akumvetsera, n'kuomba m'manja akamaliza. Dzina lake lomwe likunena: malo a misonkhano. Ife a zoimbaimba tinangolowamo ngati alendo amene apeza nyumba yabwino eni ake kulibe. Tikuthokoza, ndipo tipitiriza kulowamo. Koma mlendo sasuntha khoma.

Ndifotokozeko pang'ono za ntchito yanga, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti holo ndi makoma anayi ndi denga basi. Mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Akagunda khoma lolimba losalala amabwerera ngati mpira. Khomalo likakhala pa mtunda wa mamita 17 kapena kupitirira, mawu amabwerera mochedwa moti khutu limawamva kawiri, ndipo mlaliki akati "abale" holo imamuyankha "bale". Akatswiri omanga nyumba zoterezi amayeza nthawi imene phokoso limatenga kuti lizimirire m'chipinda. Pa zolankhula ndi zisudzo amafuna sekondi imodzi kapena kucheperapo, kuti liwu lililonse limveke palokha. Pa nyimbo za azungu za mavayolini zija amafuna pafupifupi masekondi awiri, kuti mawu azikokana. N'chifukwa chake holo imodzi singakomere chilichonse. Kwaya ya amayi a Mvano imakoma m'tchalitchi chachitali cha njerwa, koma mukaikamo ng'oma zinayi zimasanduka phala. Ng'oma zathu zimathamanga, zimalukana, ina imalowa pamene inzake yasiya kampata. Zimafuna malo amene phokoso limachoka msanga kuti linzake lilowe. Malo otero abwino kuposa onse ndi panja.

Chinanso chimene ndinaphunzira ndi thukuta n'chakuti thupi la munthu ndi zovala zake zimamwa mawu. Holo imene ukuyesa masana ili yopanda anthu si imene udzaipeze usiku itadzaza. Ndiye ukamva wa zokuzira mawu akupempherera kuti anthu abwere ambiri, si chifukwa cha chikondi pa woimba chokha.

Nanga malata? Mvula ya Januwale ikayamba pa denga la malata lopanda siling'i, sewero latha. Ndinaonapo ana a sukulu ina ya sekondale atakonzekera teremu yonse mpikisano wa zisudzo, mtsikana wina ali pakati pa mawu amene anayenera kuliza holo yonse, mvula n'kugwa. Pakamwa pake pankangoyenda ngati nsomba. Anapitiriza mpaka kumapeto, misozi ikutsika yeniyeni, oweruza atagwira makutu kuti amve. Magetsi nawo anatsatira mvula, jenereta inakana kulira, tinamaliza ndi matochi a mafoni. Ana amenewo luso anali nalo. Chinawapereka ndi denga.

Ndipo zisudzo zimafuna zambiri kuposa kumveka kwa mawu. Zimafuna malo m'mbali mwa siteji obisalamo amene akudikira kulowa, njira yakuseri yoti munthu atuluke kumanja n'kukalowera kumanzere anthu osamuona, zipinda zovalira zokhala ndi madzi ndi kalilole, zitsulo m'mwamba zopachikapo nyale ndi nsalu, khomo lalikulu kumbuyo loti lole ifike n'kutsitsa katundu. Koposa zonse zimafuna masiku. Sewero silipsa tsiku limodzi. Gulu limafunika kuyeserera pa siteji yomweyo sabata ziwiri kapena zitatu, kudziwa kuti kuchoka apa kufika apo ndi masitepe angati mumdima. Holo yochita kubwereka pa tsiku, imene dzulo munali ukwati ndipo mawa muli msonkhano wa bungwe, singakupatse zimenezo ngakhale eni ake atakhala okoma mtima chotani. Iwonso ali pa bizinesi. Gulu la achinyamata a ku Kawale kapena ku Area 25 limayeserera pansi pa mtengo wa mango, kapena m'kalasi ana akaweruka, n'kudzaona siteji koyamba m'mawa wa tsiku la sewero.

Tsopano tiyeni kumudzi. Kwathu ndi cha ku Malingunde, ndipo bwalo la kwathu ndinalidziwa ndisanadziwe kuti kunja kuno kuli chinthu chotchedwa siteji. Palibe amene analijambula papepala, koma lili ndi mapulani ake, ndipo ndikamakula m'ntchitoyi ndimadabwa kuti akale anaganiza zonse. Pali mtengo waukulu wa kachere wopereka mthunzi kwa mafumu ndi akuluakulu. Ang'oma ali ndi mbali yawo, moto wawo uli pambali pomwepo, ng'oma ikalefuka mnyamata amaithamangitsira kumoto inzake ikulirabe. Amayi ali ndi mbali yawo, ndipo iwowo si oonerera chabe: ndiwo amalandira nyimbo, ndiwo amaomba m'manja, popanda iwo gule savina. Pali njira imene gule amatulukira kuchokera ku liunde, ndipo imasiyidwa yotseguka, mwana akaimapo amakokedwa khutu. Za kuseri kwa liunde ndi za kudambwe sindinena, ndinaleredwa bwino. Ndingoti nkhani ya malo obisika okonzekera, imene omanga maholo a m'tauni amaiwala kawirikawiri, makolo athu anaithetsa kalekale. Pali atsabwalo osunga dongosolo. Pansi ndi dothi, lofewa kwa phazi, ndipo fumbi limene chilombo chimautsa ndi mbali ya gule yemweyo. Kapoli wopanda fumbi ndi ndiwo zopanda mchere.

Ndiye pali kusupa. Munthu zikamukomera sadikira kuti nyimbo ithe. Amalowa m'bwalo, ndalama m'manja, nthungululu zikumveka kumbuyo, amaponya n'kubwerera akuvina. Malire a wovina ndi woonerera amatseguka ndi kutsekeka ngati chitseko. Taonani zimene zimachitika m'maholo athu woimba wa nyimbo zauzimu akafika pa nyimbo imene anthu amaikonda: amayi amadzuka, amapanikizana m'tinjira ta pakati pa mipando, ena amafika kutsogolo kufuna kukwera, achitetezo n'kumawabweza. Palibe wolakwa pamenepo. Thupi la Mmalawi likufunafuna bwalo, nyumba ikumuuza kuti khala pansi.

Mawu akuti bwalo amandisangalatsa. Milandu timakambira pabwalo, ndipo khoti lomwe timaliti bwalo la milandu. Mpira uli ku bwalo la zamasewero. Ndege imatera pa bwalo la ndege. Ngakhale pokwera minibasi ku Old Town timati tikumane pa Bwalo la Njobvu. Koma nyumba yochitiramo zisudzo tilibe dzina lake, timangobwereka lakuti holo, lomwelo la ukwati, la mayeso a Fomu 4 ndi la msonkhano wa makolo. Bungwe la UNESCO linalengeza mu 2005 kuti Gule Wamkulu ndi chimodzi mwa chuma chachikulu cha chikhalidwe cha anthu pa dziko lonse, pamodzi ndi Vimbuza wa kumpoto. Lilongwe wakhala pakatikati pa dziko la Achewa, midzi ya gule yamuzungulira mbali zonse. Koma mlendo akafika n'kufunsa kuti ndikaonere kuti magule a kuno Loweruka likubwerali, timayamba kuimbirana mafoni.

Ena adzati, ndipo akunena zoona, gule si wa pa tikiti. Ndi wa pamaliro, pachinamwali, polonga ufumu, pa ziliza. Kumutengera m'tauni kuti asangalatse alendo mphindi 15 asanadye n'kumuchepetsa, ndipo mwina Makanja uja pokana khomo lija ankanenanso zomwezo. Ine sindikupempha kuti dambwe lisamukire ku City Centre. Zimene zili za mwambo zikhale kwa eni ake, mafumu ndiwo adziwa malire. Ndikunena za nzeru ya kamangidwe imene ili m'bwalo, imene ingatumikire chimtali, chisamba, mganda, malipenga, beni, ingoma, tchopa, sewero la ana asukulu, ngakhale mnyamata wa gitala imodzi.

Mzinda uno unachita kukonzedwa papepala. Kamuzu ataganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, bungwe la Capital City Development Corporation linakhazikitsidwa mu 1968, ndalama zoyambira zinachokera ku South Africa, ndipo mu 1975 Lilongwe anakhala likulu. Anaika maofesi a boma pa Capital Hill, mabanki ndi nyumba za akazembe ku City Centre, mafakitale ku Kanengo, nyumba zogona m'ma Area a manambala osatsatana aja amene amasokoneza mlendo aliyense. Anasiya mitengo ndi tchire pakati. Koma nyumba ya fuko ya zisudzo ndi magule sinamangidwe. Nthawi imeneyo magule malo awo anali pa sitediyamu ndi pa bwalo la ndege, amayi a mbumba atavala nsalu ya nkhope ya Ngwazi, kuvinira mtsogoleri. Boma linkadziwa bwino mphamvu ya gule, koma linkaifuna ikuyang'ana mbali imodzi. Zisudzo nazo zinkayamba zadutsa m'manja mwa bungwe lounika mabuku ndi mafilimu zisanaonetsedwe. Munthu amene akuopa zimene sewero linganene samangira sewero nyumba.

Zisudzo za pa siteji zinakulira kwina. Ku Zomba, a Chancellor College anali ndi gulu loyendayenda ndi bwalo lawo lapanja. Ku Blantyre kunali French Cultural Centre, kumene Du Chisiza Jr ndi gulu lake la Wakhumbata ankadzaza anthu mpaka pamene anamwalira mu 1999, ndi kumene a Kwathu ankaseketsa anthu m'Chichewa mpaka nthiti kuwawa. Malo amenewo anali aang'ono poyerekeza ndi BICC, koma anthu ankadziwa kuti Lamulungu masana ukapita kumeneko upeza kanthu. Afalansa atatseka mu 2011 boma linagula malowo n'kuwatcha Blantyre Cultural Centre, ndipo zimene zinachitika pakati pa kutseka ndi kutsegulanso, akuba kuzula ndi kunyamula zimene akanatha, a ku Blantyre amazikamba mpaka lero mokwiya. Kuno ku Lilongwe takhala tikudalira Madsoc, kanyumba kakang'ono kamene kasunga zisudzo zaka zambiri, komanso maholo a mahotela, a matchalitchi, kapinga wa ku Golf Club, ndi mabala. A Music Crossroads ku Area 23 aphunzitsa achinyamata ambiri amene lero ndi oimba m'mabandi akuluakulu. Ku Dzaleka, m'boma la Dowa, anthu othawa kwawo anayambitsa Tumaini Festival mu 2014, ndipo anthu a mu Lilongwe amakwera galimoto kupita kukaonera zaluso ku kampu ya othawa nkhondo. Zimenezi zimandichititsa manyazi pang'ono ndi kundisangalatsa kwambiri.

Chimene chimandiwawa ndi ichi. Dziko lomwelo la China linamangira Ghana nyumba ya fuko ya zisudzo ku Accra, imene inatsegulidwa mu 1992. Holo yake yayikulu kukula kwake n'kofanana ndi yathuyi, anthu pafupifupi 1,500. Kusiyana kwake n'kwakuti mmenemo mumakhala eni nyumba: gulu la fuko la magule, la zisudzo, ndi la zoimbaimba, amene amadzuka m'mawa kupita kuntchito mmenemo ngati mmene wina amapitira ku Capital Hill. Ku Dakar, Senegal, anawamangiranso ina yotsegulidwa mu 2011. Ndiye si kuti omanga sakanatha. Pamndandanda wathu tinalemba nyumba ya aphungu, ya misonkhano, hotela ndi bwalo la mpira. Zonsezo n'zofunika, sindikutsutsa. Koma mndandanda umaulula mwini wake.

Nthawi zina usiku, tikamadikira kuti phwando lithe timasule mawaya, ndimamanga nyumba imeneyi m'mutu. Sindiiika ku City Centre, kumene dzuwa likalowa minibasi zimasowa ndipo wopanda galimoto amayamba kuwerenga ndalama ya takisi sewero lisanafike pakati. Ndimaiika kumene anthu ali, koti wa ku Chinsapo, wa ku Biwi, wa ku Mchesi ndi wa ku Mtandire afike ndi minibasi imodzi kapena ziwiri n'kubwerera kusanade kwambiri. Pakati pake ndi bwalo lozungulira, pansi pa dothi lotsendereka bwino, mipando ya njerwa yokwera m'mbali zitatu, anthu 500 kapena 600 basi, kuti wakumbuyo aone diso la wosewera. Agiriki akale anamanga mabwalo otere m'mbali mwa mapiri, lina ku Epidaurus lolowa anthu oposa 10,000, ndipo mpaka lero mawu amamveka mmenemo popanda sipika. Denga likhale pamwamba pa oonerera, lokhala ndi chotchinga chokhuthala kunsi kwake kuti mvula isalankhule kuposa anthu, m'mbali motseguka kuti mphepo izidutsa, tisamadalire makina oziziritsa amene amagona magetsi akathima. Khomo la ovina likhale lalitali moti Makanja adutse ali chiimire, lotambalala moti Kasiyamaliro asakhule nthiti. Pambali pa ang'oma pakhale kamalo kozingidwa ndi miyala, kotulukira utsi, kolembedwa m'mapulani momwe kuti apa ndi pa moto.

Kuseri kukhale zipinda zinayi kapena zisanu zoyesereramo, zotsika mtengo moti gulu la achinyamata likasonkherana lingakwanitse, chipinda chosungiramo ng'oma ndi zovala, ndi kaholo kakang'ono kotsekeka ka masewero ofuna mdima ndi nyale. Zimbudzi zikhale zambiri, makamaka za amayi, ndi thanki ya madzi yakeyake. Ndipo pakhale ndalama ya chaka ndi chaka yolipira mlonda, wosesa, ndi munthu wosintha babu likapsa. Ife Amalawi kudula riboni timakutha. Chimatigonjetsa ndi babu.

Mnzanga wina amene timanyamula naye masipika amandiseka ndikayamba zimenezi. Amati, "Aise, anthu akusowa mankhwala m'zipatala iwe ukulota nyumba yovinira?" Sindimuyankha msanga, chifukwa mayi ake anagonapo pansi m'chipatala ndipo ndinkapita nawo kukawaona. Koma ndimamukumbutsa kuti Loweruka lililonse ine ndi iye timadya chifukwa wina waimba. Pa phwando limodzi pamadya wa zokuzira mawu, wa nyale, wosoka zovala, wojambula, wosindikiza matikiti, wa lole, amayi ogulitsa mandasi ndi chimanga chootcha pageti, wa kabaza wobweza anthu. Amangoti, "Chabwino, ukamanga udzandilembe ntchito ya pageti."

Chaka chatha mdzukulu wa atsibweni anga ankaimba ndi kwaya ya sukulu yawo pa mwambo wina ku BICC, ndipo banja linagwirizana kuti nkhalambayo ibwere idzaone. Atsibweni ndi munthu amene wakhala akuimba mbalule kuyambira ndisanabadwe, zala zawo zinapindika ngati mizu. Ndinakawatenga kudepoti, atavala jekete lawo la maliro ndi maukwati. Titalowa m'chipinda cholandirira alendo anayenda pang'onopang'ono, kuopa kuterereka, akuyang'ana m'mwamba. Mu holo anakhala pampando, anadzuka, mpando unadzipinda wokha, anaseka mpaka kutsokomola. Anaukhalanso n'kudzukanso kuti aone ngati ubwereza.

Kwaya itaimba anamvetsera atatseka maso. Pomaliza anandigwira dzanja.

"Mphwanga, nyumba iyi ndi yabwino. Mawu a ana aja amafika onse, ngakhale a kamtsikana kakumapeto kaja."

"Eya atsibweni, anaimanga bwino."

"Anthu angati amalowa muno?"

"1,500."

Anagwedeza mutu, anayang'ana siteji, anayang'ana makomo, anatembenuka kuyang'ana kumbuyo kumene mizere ya mipando inakwera mpaka kukhoma. Ndinaona kuti akuwerenga chinachake ndi maso, monga amachitira akafika pabwalo la mudzi wachilendo.

"Nanga amayi oimba amaima mbali iti?"

Ndinawauza kuti onse amakwera kutsogolo komweko, pamodzi ndi ang'oma.

"Ndiye otsalawa amangokhala?"

"Amangokhala, atsibweni. Akamaliza amaomba m'manja."

Anakhala chete kanthawi. Anthu anali atayamba kutuluka, anyamata a nyale akuzimitsa imodziimodzi. Titafika panja pa Malawi Square dzuwa linali litapendeka, ana a kwaya aja akuthamangitsana ndi mayunifolomu awo, ena atayamba kale kanyimbo kawo kosakhala pa pulogalamu, akuomba m'manja mozungulira mnzawo amene ankavina pakati. Atsibweni anaima, anagogoda pansi ndi ndodo yawo kawiri kumva kulimba kwake, n'kuloza pakona pamene mphepo sinkafika.

"Moto tingayatse apo," anatero.